Dziwe la nsomba ndi anthu amene anachira khate



Ambirife tikamva za khate timaganiza kuti ndi nkhani ya makedzana. Kunena zoona, matendawa anachepa kwambiri. Dziko la Malawi linafika pa mlingo wa bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, mu 1994, kutanthauza kuti pa anthu 10,000 alionse sipankapezekanso ngakhale wodwala mmodzi wathunthu powerengera. Koma kuchepa si kutha. Zipatala zikulandirabe odwala atsopano chaka chilichonse, ndipo padziko lonse amapezeka pafupifupi 200,000 pachaka.

Khate si ufiti kapena temberero, komanso si la kumtundu. Limayamba ndi kachilombo kotchedwa Mycobacterium leprae, kamene dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, anakaona mu 1873. Kamafala kudzera m'timadontho ta m'mphuno ndi m'kamwa, munthu akakhala nthawi yaitali pafupi ndi wodwala amene sanayambe mankhwala. Kugwirana chanza kapena kuimirira mzere umodzi pa swala sikupatsirana khate. Chizindikiro choyamba nthawi zambiri ndi banga lotuwa kapena lofiirira pakhungu, losamva kukhudza. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo munthu akangowayamba amasiya kupatsira ena. Mukaona banga lotere musabise, pitani ku chipatala cha Jenda, ku Embangweni kapena ku Mzimba boma.

Kale odwala ankawasonkhanitsa m'malo apadera monga ku Mua m'boma la Dedza, ku Malamulo ku Thyolo, ku Kochirira ku Mchinji ndi ku Utale ku Balaka. Lero wodwala amamwa mankhwala ali kwawo, koma ku Utale kudakali anthu amene anachira kalekale nakhazikika komweko, ena chifukwa kwawo sanawalandirenso. Kumpoto kuno, bungwe la LEPRA linayamba kafukufuku wamkulu m'boma la Karonga mu 1979, ndipo kumeneko kunatsimikizika kuti katemera wa BCG amathandizanso kuteteza khate.

Nanga amene anachira amakhala bwanji tsiku ndi tsiku? Mankhwala amapha kachilombo, koma sadzutsa mitsempha imene inafa kale. Zala sizimangoduka zokha monga ena amanenera. Chimene chimachitika n'chakuti dzanja kapena phazi losamva ululu limapsa pa mphika kapena kubayidwa ndi minga mwiniwake osadziwa, chilonda n'kukula mpaka kufika pa fupa. N'chifukwa chake tsiku lililonse ayenera kuviika mapazi m'madzi, kupala zikang'a, kudzola mafuta ndi kufufuza ngati pali bala. Amavala nsapato zofewa mkati ndipo amaphula mphika ndi nsalu yokhuthala. Kwa Msilamu wotere, wudhu ndi mwayi woona mapazi ake kasanu patsiku. Pamene pali chilonda chomangidwa, chipembedzo chathu chimalola kupaka madzi pamwamba pa bandeji, kapena kuchita tayammum ngati madzi angawonjezere vuto.

Vuto lalikulu limakhala pa ntchito. Khasu limatulutsa matuza m'manja, ndipo munthu wosamva ululu amalimabe mpaka thuza kusanduka chilonda. Apa m'pamene ulimi wa nsomba umathandiza, chifukwa ntchito yake yolemetsa imagwiridwa kamodzi, yotsalayo n'njopepuka.

Dziwe limakumbidwa pa dothi la makande losunga madzi, pafupi ndi kasupe kapena m'mbali mwa dambo losaphwa. Tiyerekeze dziwe la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, lakuya pafupifupi mita imodzi. Tikaika tiana ta nsomba titatu pa sikweya mita iliyonse, tikhala ndi nsomba 600. Mitundu yozolowereka kuno ndi makumba, chilunguni ndi chambo. Mlamba umakula msanga koma umadya tinsomba tinzake, ndipo si onse amaudya. M'dziwemo timathiramo manyowa a nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe mpaka madzi asanduke obiriwira. Kubiriwirako ndi tizomera tating'onoting'ono timene nsomba zimadya. Timaonjezera gaga m'mawa ndi masana, ndipo chilunguni chimadyanso masamba a chinangwa ndi a mbatata. Pakatha miyezi 6 kapena kuposerapo nsomba zimakololedwa. Kwathu kuno kumazizira kwambiri mu June ndi July, ndiye nsomba zimadya pang'ono n'kumakula mochedwa. Ndi bwino kuika mbewu nyengo yotentha ikamayamba, ndiponso kufunsa alangizi a za nsomba a boma kumene kungapezeke mbewu yabwino. Likulu la kafukufuku wa ulimiwu lili ku Domasi, m'boma la Zomba.

Kuwaza gaga, kuona mtundu wa madzi, kuingitsa mbalame, ng'azi ndi akatumbu, kulemba kaundula wa zolowa ndi zotuluka, zonsezi munthu wolumala zala angathe. Koma kukumba, kuponda matope ndi kukoka ukonde ayenera kusiyira ena, chifukwa m'matope mumabisala zitsa ndi minga, ndipo madzi a m'dziwe amaipitsa chilonda. Choncho dziwe lotere silingayende popanda achinyamata amphamvu ngati inu ophunzira. Ubwino wake ndi umenewo: limakakamiza mudzi kugwira ntchito limodzi ndi anthu amene unkawasala. Nsombazo zimapereka ndiwo zothandiza kuti zilonda zipole, madzi otsala amathirira dimba, ndipo pa msika ngati wa Jenda, pamene magalimoto a mu msewu wa M1 amaima kugula tomato ndi mbatatesi, nsomba zaziwisi sizingasowe wogula. Wogulayo asaope: khate silidutsira mu nsomba.

Mbiri ya Chisilamu ikutiphunzitsa zomwezi. Qur'an imatiuza kuti Mneneri Isa (AS) ankachiritsa akhate mwa chilolezo cha Allah. Swahaba Mu'ayqib (RA) anadwala khate, komabe Khalifa Umar (RA) anamudalira kusunga chuma cha Asilamu. Khalifa Al-Walid wa ku Damascus, amene analamulira kuyambira 705 mpaka 715, anakonza zoti odwala khate azilandira thandizo lokhazikika kuti asamapemphe m'misewu. Mtumiki Muhammad (SAW) anatiphunzitsa kusamala ndi matenda opatsirana, ndipo masiku ano kusamala kumeneko ndiko kufulumira kupita kuchipatala, osati kuthamangitsa munthu amene anachira.

Akuluakulu a komiti, pogawa zakaat ndi sadaka tiganizirenso thandizo lokhalitsa. Thumba la ufa limatha m'mwezi umodzi, pamene dziwe losamalidwa bwino limadyetsa banja zaka zambiri. Koma akulu akale anati wakhate samulonjeza nsapato: tisayambe ntchito imene sitidzaimaliza. Ophunzira, lekani kutchula munthu ndi dzina la matenda ake. Ali ndi dzina lake, ndipo ndi agogo, amalume kapena azakhali a wina. Lamlungu lomaliza la mwezi wa January ndi tsiku lokumbukira matendawa padziko lonse, ndipo Ijumaa ya sabata imeneyo ingakhale nthawi yabwino yokambirana nkhaniyi mu mzikiti.

Allah atipatse thanzi ndi mitima yachifundo. Ameen.