Julius Chongo ndi Nthano za pa Wailesi

Inu amene munakulira ku Kwacha mu mzinda wa Kitwe, kapena m'makomboni ena a ku migodi, mwina mukukumbukira momwe mabanja ochokera ku Chipata, Katete ndi Petauke ankakhalira mozungulira wailesi dzuwa likalowa. Pabwalo pankamveka Chibemba, pakuti ndicho chinenero cha ku migodi, koma m'nyumba liwu la munthu mmodzi linkawabwezera anthuwo kumudzi. Munthuyo anali Julius Chongo, ndipo pulogalamu yake inkatchedwa Poceza M'madzulo.

Kuti mumvetse chimene iye anachita, yambani mwaona momwe zinthu zinaliri kale. Nkhani za m'Chinyanja zinkayenda m'njira ziwiri. Kunali nthano za agogo, zokambidwa pamoto, ndipo kunali mabuku. Buku la Nthondo, limene Samuel Josiah Ntara wa ku Nyasaland analemba, linasindikizidwa mu 1933 ndipo linatsegula njira kwa alembi ambiri. Koma buku limafuna munthu wodziwa kuwerenga, pamene nthano ya pamoto imafuna mudzi, ndipo wogwira ntchito pa mgodi wa Nkana anali atausiya mudziwo kutali. Pakati pa njira ziwirizi panalowa wailesi, makamaka kuyambira mu 1949 pamene wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special inayamba kugulitsidwa.

Kwa zaka ngati khumi, kuyambira cha mu 1966, Chongo ankalemba nkhani zake ndi kuzikamba yekha pa Radio Zambia. Iye yemweyo ndiye anali wofotokoza, nkhalamba, mayi wokalipa ndi mnyamata wochenjera wa m'tauni. Tsono taonani zitatu zimene anawasiyira alembi a nkhani zazifupi.

Choyamba, anaonetsa kuti nthano sinathere pa Kalulu ndi Fisi. Anatenga kakambidwe ka makolo nakasenzetsa moyo wa lero: ndalama, chinyengo, maukwati ndi mavuto a munthu wochoka kumudzi kudzafuna ntchito. Womvera ankaseka mnzake wa m'nkhaniyo, kenaka n'kuzindikira kuti akudziseka yekha.

Chachiwiri, anthu a m'nkhani zake ankayankhula monga momwe anthu amayankhuliradi. Wa m'tauni ankasakaniza Chingerezi pofuna kudzionetsa, pamene wachikulire ankayankha ndi mwambi. Motero khalidwe la munthu linkadziwika ndi pakamwa pake, popanda mlembi kuchita kulongosola.

Chachitatu, sanachite manyazi ndi mvekero. Mlembi wina akhoza kunena kuti m'nyumba munalibe phokoso. Wodziwa chinenero chake amangoti munali zii, ndipo nkhani yatha. Ngakhale dzina la buku la Chongo, Fumbi Khoboo!, likuchitira umboni luso limeneli.

Zotere sizinachitike kwathu kokha. Zinenero zina nazo zinali ndi wotsegula njira wake. Ku India, mlembi wotchedwa Pudhumaipithan, amene anamwalira mu 1948 ali ndi zaka 42, analowetsa anthu osauka ndi mayankhulidwe awo a tsiku ndi tsiku m'nkhani zazifupi za Chitamil, ndipo alembi am'mbuyo mwake anatsata mapazi ake. Kusiyana kwake n'kwakuti iye anadzera m'magazini, pamene Chongo anadzera m'khutu.

Apa ndiye pagona vuto. Mawu a pa wailesi sakhalitsa, akatuluka, atuluka. Mwayi wake, Ernst Wendland, amene ankaphunzitsa ku Lutheran Seminary ku Lusaka, anazisonkhanitsa nkhanizi nazilemba papepala. Mu 1979 analandira digiri ya udokotala ku yunivesite ya Wisconsin atafufuza luso la Chongo, ndipo mu 2004 zina mwa nkhanizo zinatuluka m'buku pamodzi ndi tanthauzo lake m'Chingerezi. Nthawiyo n'kuti Chongo atamwalira kale mu 1995.

Inu mnyamata kapena mtsikana amene mukufuna kulemba nkhani yaifupi m'chinenero cha makolo anu, musayambe ndi kumasulira zimene munawerenga m'Chingerezi. Khalani pamsika, kwerani minibasi, tcherani khutu pamaliro ndi paukwati. Mukamaliza kulemba, awerengereni amayi anu mokweza. Akayamba kuodzera, bwererani pa tsamba loyamba, akati "Kenaka zinatani?", dziwani kuti nkhaniyo yapsa.