Tikagulitsa fodya, tiyeni tikaone Nkhotakota

Ife a kwa Lukwa ndalama ya fodya ikatuluka ku Chinkhoma timathamangira malata, feteleza ndi fizi ya ana, ndipo n'zoyenera. Koma ndimawawidwa mtima kuti ana athu amaloweza za Jumbe m'kalasi osaonako tauni yake ya Nkhotakota, chikhalirecho ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma la Kasungu. Njira ya minyanga ndi akapolo yopita kunyanja inkadutsa kwathu kuno. Mbiri ya Nkhotakota ndi yathunso.

Nyengo yabwino ndi Juni mpaka Ogasiti. Fodya amakhala atachoka m'zigafa, mvula kulibe, ndipo kunyanja sikunayambe kutentha ngati mu Okotobala. Lawirirani pa depoti ya Kasungu, chifukwa minibasi siinyamuka isanadzaze. Msewu wa M18 umadutsa pa Malomo n'kulowa m'nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015. Mu 2016 ndi 2017 linabweretsamo njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete. Muzidutsamo dzuwa likadalipo, ndipo musatsikemo chisawawa.

Mukafika, yambirani ku mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Kumeneko kuli mkuyu umene David Livingstone anakhala pansi pake mu 1863 pochonderera Jumbe kuti aleke kugulitsa anthu. Jumbe sanamumvere, zombo zinapitirira kuwolotsa anthu kupita kutsidya, kumene ankawayendetsa mpaka ku Kilwa. Apa musafulumire. Khalani pansi, muwafotokozere ana kuti ena mwa amene ankamangidwa magoli pano anali ochokera m'midzi ya kumtunda ngati yathu, anthu amene anali ndi mayina, minda ndi amalume awo. Kenako pemphani kuti akutsegulireni tchalitchi cha All Saints, mmene muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895. M'tauni momwemo mulinso mkuyu wina umene anthu amaukumbukira ndi msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1960, pamene mwana wa kuno ku Kasungu, Dr Kamuzu Banda, anayankhula.

Zikwangwani sizichuluka, ndiye wokuperekezani wabwino ndi munthu wa pomwepo. Funsani ku tchalitchi kapena akuluakulu a pa mzikiti, ndipo mugwirizane za kangachepe musanayambe kuyenda. Asilamu ndi ambiri kumeneko: valani modzilemekeza, Lachisanu masana apatseni mpata wa mapemphero, ndipo musajambule munthu musanamupemphe.

Tengani neti, poti udzudzu wa kunyanja ngwochuluka, ndipo ana asasambe m'mabango kuopa likodzo. Ndalama zina ikani pa Mpamba kapena Airtel Money, zina m'thumba, ndipo ya thiransipoti yobwerera muisunge payokha musanayambe kutsatsa mpunga ndi usipa pamsika.