Malawi ndi bungwe la SADC

SADC ndi bungwe la mayiko 16 a kumwera kwa Africa, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene analiyambitsa. Dzina lake lonse m'Chingerezi ndi Southern African Development Community, ndipo likulu lake lili ku Gaborone m'dziko la Botswana. Cholinga cha bungweli n'chakuti mayiko oyandikana azichitira limodzi malonda, chitukuko ndi chitetezo. Komabe dziko lililonse limakhalabe lodzilamulira lokha, choncho zimene atsogoleri agwirizana pamsonkhano zimachitika pokhapokha ngati dzikolo lafuna. Boma la Mzimba ndi amodzi mwa madera amene izi zimaonekera bwino, chifukwa lachita malire ndi Zambia komanso anthu ake ambiri amakagwira ntchito ku South Africa.

Chiyambi

Bungweli linakhazikitsidwa pa 1 Epulo 1980 ku Lusaka, ndipo poyamba linkatchedwa SADCC. Mayiko oyambitsa anali 9: Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Iwo ankafuna kuchepetsa kudalira South Africa, imene panthawiyo inali pansi pa ulamuliro wa tsankho. Dziko lililonse linapatsidwa gawo loti liziyang'anira, ndipo Malawi anatenga za nsomba, nkhalango ndi nyama zakutchire. Pa 17 Ogasiti 1992 atsogoleri anasaina pangano latsopano ku Windhoek, dzina n'kusintha kukhala SADC. South Africa inalowa mu 1994 tsankho litatha.

Aka sikanali koyamba kuti dziko lino likhale m'gulu limodzi ndi anansi ake. Kuyambira 1953 mpaka 1963 Nyasaland inali m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene atsamunda anachikhazikitsa eni dziko akukana. Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II ya ku Mzimba inali m'gulu la mafumu amene anachitsutsa poyera. Kusiyana kwake n'kwakuti mu SADCC mayiko analowa okha mosakakamizidwa.

Malawi analowa m'bungweli anzake akumuyang'ana ndi diso lokayikira. Dr Hastings Kamuzu Banda anali atakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi South Africa mu 1967, anakachezako mu 1971, ndipo ndalama za dzikolo zinathandiza kumanga likulu ku Lilongwe. Mu Seputembala 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anakumana ndi Banda ku Blantyre ndi kumuimba mlandu woti Malawi akuthandiza zigawenga za Renamo. Machel anaopseza kuti atseka malire. Koma nkhondo yomweyo ya ku Mozambique ndi imene inachititsa kuti Malawi atumize asilikali kukalondera njanji ya ku Nacala, ndiponso kuti alandire othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni.

Malonda

Mu 2008 SADC inakhazikitsa dera la malonda opanda msonkho wa pachipata pa katundu wambiri wopangidwa m'mayiko a m'bungweli. Kwa Malawi nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa alibe doko la panyanja yamchere. Mafuta ndi feteleza zimadzera ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban, ndipo onsewa ndi madoko a mayiko a SADC.

Ngakhale zili choncho, mayiko amatsekeranabe zipata. Mu Malichi 2025 Malawi analetsa katundu wina wakunja monga ufa, mpunga ndi nthochi pofuna kuteteza alimi ndi amalonda ake. Mwezi wotsatira Tanzania inabwezera poletsa zokolola zochokera ku Malawi ndi ku South Africa, ndipo malonda a pachipata cha Songwe anasokonekera. Chiletsocho chinachotsedwa patangopita masiku ochepa, nduna za mayiko awiriwa zitagwirizana zokambirana. Palinso vuto loti mabungwe a mtunduwu ndi angapo. Malawi ndi Zambia ali mu SADC komanso mu COMESA, pamene Tanzania inatuluka mu COMESA m'chaka cha 2000, kotero wamalonda amatsata malamulo osiyana malinga ndi chipata chimene wadzera.

Mikangano imene bungweli silinaithetse

Malawi ndi Tanzania sagwirizana pa malire a kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Malawi amatsamira pa pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, limene linaika malire m'mphepete mwa nyanja kumbali ya Tanzania. Tanzania imati malire ayenera kudutsa pakati pa nyanjayo. Nkhaniyi inabukanso mu 2012 Malawi atapereka ziphaso zofufuzira mafuta m'nyanjamo. Atsogoleri opuma Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae anakhala amkhalapakati, koma zokambirana zinaima popanda chigamulo.

Bungweli linali ndi khoti lake ku Windhoek. Mu 2008 khotilo linagamula mokomera alimi amene analandidwa minda ku Zimbabwe. Dziko la Zimbabwe linakana kumvera, ndipo m'malo molikakamiza, atsogoleri anaimitsa khotilo mu 2010. Apa ndi pamene anthu ambiri anaonera malire a mphamvu za SADC.

Pa zachitetezo, Malawi, South Africa ndi Tanzania anatumiza asilikali kummawa kwa Democratic Republic of Congo pansi pa SADC kuyambira kumapeto kwa 2023. Asilikali ena a ku Malawi anafera komweko mu Januwale 2025, ndipo mu Malichi chaka chomwecho bungweli linalengeza kuti ntchitoyo yatha.

Mmene zimaonekera ku Mzimba

Kumadzulo kwa Mzimba kuli Lundazi, boma la ku Zambia. Anthu a mbali zonse ziwiri amayankhula Chitumbuka, amakwatirana, ndipo amayenderana pamaliro ndi pamisika. Pali chipata chovomerezeka ku Mqocha, koma ku Jenda malire ali pafupi kwambiri ndi msewu wa M1 moti anthu amawoloka wapansi kapena panjinga osaona kuti alowa dziko lina. Chimanga, soya ndi feteleza zimalowera kumene kuli mtengo wabwino. Dziko lina likaletsa kutulutsa chimanga chifukwa cha njala, malonda saima, amangosiya msewu waukulu n'kudzera njira zachidule. Ubale umenewu ndi wakale kuposa SADC, ndipo tinganene kuti bungweli linaupeza kale.

Pa zachilengedwe mgwirizano ulipo wolembedwa. Mu 2015 Malawi ndi Zambia anasaina pangano losamalira limodzi malo a nyama a m'malire, monga Nyika, Vwaza ndi Kasungu kuno, komanso Lukusuzi ku Zambia.

Nkhani yovuta ndi ya ulendo wa ku Joni. Amuna a ku Mzimba anayamba kale kupita ku migodi ya ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia, ena wapansi, ena kudzera ku Wenela. Banda anaimitsa Wenela mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown. Ntchitoyi inadzayambiranso pansi pa dzina la TEBA mpaka mu 1988, pamene mayiko awiriwa anasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachilombo ka HIV. Ulendo sunathe. Masiku ano anyamata ndi atsikana amakwera basi kapena galimoto za matransipota, kudzera ku Dedza kapena ku Mwanza, kudutsa ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, n'kukafika pa Beitbridge. Nyumba zambiri zamalata ndi masitolo pa Mzimba Boma ndi m'midzi yozungulira zinamangidwa ndi ndalama za kumeneko.

Mmalawi amaloledwa kulowa South Africa wopanda viza kwa masiku 30, koma chilolezocho ndi cha mlendo, sichimulola kugwira ntchito. Masiku akatha ambiri amangokhala, ndipo akagwidwa amasungidwa ku Lindela kufupi ndi Krugersdorp podikira kubwezedwa kwawo. Mu 2005 SADC inakonza pangano lofewetsa kayendedwe ka anthu, koma mayiko anachita ulesi kulivomereza, ndipo ngakhale panganolo limasiya nkhani ya zilolezo za ntchito m'manja mwa dziko lililonse. Katundu wa ku Johannesburg amafika ku Mzimba mosavuta kuposa mmene munthu wa ku Mzimba angapezere chilolezo chogwirira ntchito ku Johannesburg.

Mu Meyi 2008 anthu oposa 60 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo ku South Africa. Zipolowezi zinabukanso ku Durban mu Epulo 2015, ndipo boma la Malawi linachita kubwereka mabasi kukatenga nzika zake. Ena mwa anthu amene anabwerawo anabwereranso ku South Africa zinthu zitazizira, chifukwa kumudzi sanapeze ntchito.