Nyambo Yosatha Kuseri kwa Nyumba

Aliyense wowedza ndi mbedza amaudziwa mwezi wa Okutobala. Mitsinje imakhala itaphwa, milamba itaunjikana m'maiwe, ndipo nsomba zimadya msanga chifukwa cha njala. Koma nthawi yomweyo ndi imene nyambo imasowa. Dothi lauma gwaa, khasu likungonjanja, ndipo nyongolotsi zimene m'dzinja zinkangoyenda pabwalo zathawira pansi kufuna chinyezi. Otsala nazo ndi magombe a mitsinje okha, n'chifukwa chake anyamata amakumba kumeneko n'kusiya maenje amene mvula yoyamba imawagumula n'kukokolola dothi.

Ine ndimawedza mu Likangala, mtsinje wotsika m'phiri la Zomba kukathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo ndinasiya kalekale kukumba magombe. Nyambo yanga ili m'beseni lakale la pulasitiki pansi pa mtengo wa mango. Nyongolotsi n'chiweto ndithu. Mukazipatsa mthunzi, chinyezi ndi chakudya, zimaswana zokha chaka chonse.

Choyamba n'kudziwa zoti muwete. Zikuluzikulu zija zokumba mauna akuya m'munda sizikhazikika m'beseni. Zimathawa kapena kufa. Zoyenera ndi zofiirira, zothamanga mukazigwira, zimene zimakhala pamwamba m'zinthu zowola. Kazifuneni pansi pa mulu wa ndowe zakale za ng'ombe, kudzala, patsinde pa nthochi, kapena pamene amayi amatayira madzi otsukira mbale. Dzanja limodzi kapena awiri n'zokwanira kuyambira. Mtundu wina wotere, umene asayansi amautcha Eudrilus eugeniae, kwawo ndi kumadzulo kwa Africa, koma lero ukuwetedwa ku India, ku Philippines ndi ku America, kumene umagulitsidwa ngati nyambo. Umakonda kutentha kwa madigiri 25 mpaka 30 ndipo umakhwima miyezi iwiri isanathe.

Khola lake silifuna ndalama. Tengani beseni, ndowa yothyoka chogwirira kapena chigubu chodula pakati. Boolani timabowo kunsi ndi msomali wotentha kuti madzi azituluka. Pansi yalani udzu wouma kapena makatoni ong'amba, kenaka ikani ndowe zakale zosakaniza ndi masamba owola ndi dothi pang'ono, mpaka kuzama masentimita 20 kapena 25. Ndowe zikhale zozizira, zoti zinasiya kununkha, chifukwa zaziwisi zimatentha zikamawola ndipo zimapha nyongolotsi. Zitosi za nkhuku n'zaukali kwambiri, musaziyese. Pamwamba fundikani chiguduli chonyowa.

Nkhani yonse yagona pa madzi. Nyongolotsi ilibe mapapo, imapuma kudzera pakhungu, ndipo khungulo likauma mpweya sulowa. Komanso madzi akadzaza m'beseni mpweya umathawa, zonse zimayamba kununkha, nyongolotsi n'kukwera m'mbali kufuna potulukira. Muyeso wanga ndi dzanja. Ndimatapa dothilo n'kufinya; pakadontha kadontho kamodzi kapena tiwiri, ndiye kuti zili bwino. Pakapanda kudontha ndimawaza madzi pachiguduli, osati kukhuthula. M'chilimwe ndimayang'ana m'mawa uliwonse, ndipo m'dzinja ndimavindikira ndi lata kuti mvula isalowe.

Chakudya chimachokera kukhitchini: makoko a nthochi ndi a mbatata, mapesi a nkhwani, zotsala za papaya, masamba a tiyi ogwiritsa kale ntchito, ndi kagaga pang'ono kongowaza. Ziduleni tizidutswa n'kukwirira pakona imodzi, ndipo musawonjezere zina zoyambazo zisanathe. Gaga akachuluka amatentha n'kusasa. Mchere, mafuta, nyama, tsabola, anyezi ndi makoko a mandimu zisalowemo. Ndiwo zotsala dzulo zipite kwa galu. Nyongolotsi ilibe mano, imagaya chakudya m'nthutumba monga nkhuku, choncho kamchenga pang'ono ndi zigoba za mazira zosinja zimaithandiza kwambiri.

Adani alipo ambiri. Nkhuku zikaona beseni lotsegula zimapalasa n'kumaliza zonse musanabwere kumunda. Makoswe ndi achule nawo amabwera usiku. Koma oopsa kuposa onse ndi linthumbu, amene amatha kusesa beseni lonse usiku umodzi. Ine ndinaika langa pathandala, miyendo yake ndinaiimika m'zitini za madzi, ndipo pansi ndimathira phulusa mozungulira. Phulusalo likhale panja, lisagwere m'kati. Mukaona nyerere wamba zikumanga m'beseni, dziwani kuti mwauma.

Malo oika khola asakhale pafupi ndi mtondo kapena pamene ana amamenyera mpira. Wasayansi Charles Darwin, m'buku lake lomaliza la mu 1881, analemba za nyongolotsi zimene ankasunga m'miphika kunyumba kwake ku England. Anapeza kuti phokoso la mluzu kapena kufuula sizimva, koma ataika miphikayo pamwamba pa piyano n'kuiliza, zinalowa pansi nthawi yomweyo chifukwa cha kunjenjemera. Nyongolotsi zosokonezedwa pafupipafupi sizidya bwino.

Zikakhazikika, kuswana kumayamba. Nyongolotsi iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, komabe pamafunika ziwiri kuti zikumane. Yokhwima imadziwika ndi kalamba kotupa chakumutu. Kalambako ndi kamene kamapanga kathumba ka mazira, kachikasu, kosongoka mbali ziwiri, kochepa kuposa njere ya mpunga. Mukafukula mosamala mudzationa timathumbato, ndipo pakapita milungu ingapo mumatuluka tiana toyera, topyapyala. Pali chikhulupiriro choti mukaidula pakati zimakhala ziwiri. Si zoona: nthawi zina chakumutu chimapola, koma chakumchira chimafa. Ndiye miyezi iwiri kapena itatu yoyamba musatapemo, zisiyeni zichuluke.

Pokolola, khuthulani dothi pang'ono pachiguduli pamalo owala. Ngakhale zilibe maso, nyongolotsi zimamva kuwala pakhungu ndipo zimathawira pansi. Palani dothi lapamwamba pang'onopang'ono, mudzazipeza zitapiringizana pamodzi. Sankhani zikuluzikulu, koma siyani zina za kalamba kuti zipitirize mbewu. Zotengazo ikani m'chitini chobowola chokhala ndi dothi lonyowa, ndipo kumtsinje chikhale pamthunzi. Poika pambedza, siyani mchira ukulendewera kuti uzigwedera, pakuti mlamba, umene umasaka ndi ndevu zake m'madzi amatope, umabwera msanga pa nyambo yamoyo. Matemba ndi makumba amangofuna kachidutswa pa mbedza yaing'ono. Zotsala musazitaye, bwererani nazo kunyumba.

Beseni lija limaperekanso mphatso yachiwiri. Pakatha miyezi ingapo, ndowe ndi makoko aja zimasanduka dothi lakuda bii, lofewa, lonunkhira bwino. Amenewo ndi manyowa abwino zedi. Ine ndimathira dzanja limodzi paphando la tomato ndi mpiru kudimba, ndipo m'beseni ndimayalamo zatsopano.

Ngati mukufuna kuyamba, yambani mvula ikadalipo, pamene nyongolotsi zikupezeka mosavuta. Mugawireko mnzanu wowedza naye kuti akhale ndi beseni lake, chifukwa linthumbu akadzalowa kwa mmodzi, mbewu idzapezeka kwa winayo.