MIYALA YA ACHONA M'NYUMBA YA ZITHUNZI PA HARARE

Ine mlembi wanu ndinaswera tsiku lathunthu m'nyumba ya zithunzi ndi zosemasema ya National Gallery of Zimbabwe, imene iri pa mseu wa Julius Nyerere Way. Nyumbayi inatsegulidwa m'caka ca 1957, mzindawu ukuchedwabe Salisbury, ndipo woiyang'anira woyamba anali Bwana Frank McEwen.

Zithunzi za anyamata ndi asungwana a makono nzobvuta kumva. Cina ndinaciyang'ana nthawi yaitali osadziwa kumutu nkuti. Koma nditafika pa miyala yosemedwa mtima unagunda, pakuti nchito imeneyi muli dzanja la anthu akwathu. Ambiri amene anayamba kusema ku Tengenenge, kufupi ndi Guruve, m'caka ca 1966, anali anchito a m'minda ya fodya ocokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Fodya atasowa msika, popeza maiko anakana kugula katundu wa boma la Ian Smith, Bwana Tom Blomefield analimbikitsa anchito ace kusiya khasu ndi kutola nyundo ndi chizulo. Wina amene anadzaphatikana nao ndiye Bambo Fanizani Akuda, Mcewa wobadwira ku Zambia mu 1932, amene anatisiya mu 2011. Iye amadziwika ndi anthu ace amwala otsinzina maso, omwetulira, ena oliza mluzu.

Madzulo ndinafunsa mnzanga wa ku Mbare, mdzukulu wa mchona, ngati dzinali analimvapo. Anapukusa mutu, nati nyumbayi amangoipitirira popita ku nchito, poyesa kuti njolowa Azungu okha.