Kasamalidwe ka Duwa la Money Plant M'nyumba

Pa maluwa amene anthu amaika pabalaza, money plant ndi limodzi mwa osavuta kusamala. Komabe ambiri limawafera, ndipo kawirikawiri cholipha si ludzu ayi, koma madzi ochuluka.

Dzina lake la sayansi ndi Epipremnum aureum. Kwawo ndi ku chilumba cha Moorea m'nyanja ya Pacific, kumene limayanga m'mitengo pansi pa mthunzi wa nkhalango. N'chifukwa chake limafuna kuwala koma silipirira dzuwa loswa mtengo. Liikeni pafupi ndi zenera la katani yopyapyala. Dzuwa la mu Okutobala likaliwomba masana, masamba amapsa. Mukaliika pamdima, mawanga ake achikasu amazimirira ndipo masamba atsopano amatuluka aang'onoang'ono.

Pobzala simufunika njere. Dulani nthambi ya masamba atatu kapena anayi m'munsi pang'ono mwa mfundo, pakuti mizu imatulukira pamfundopo. Iviikeni m'botolo la madzi, mfundo imire koma masamba akhale pamwamba. Muzisintha madziwo mlungu uliwonse kuti udzudzu usaswanemo. Pakapita milungu iwiri kapena itatu mizu imayamba kuoneka. Ikatalika masentimita 5, wokerani mumphika kapena m'chitini choboola pansi. Dothi likhale lakudimba, losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana bwino.

Musanathirire, pisani chala m'dothi. Ngati muli chinyezi, dikirani. Mizu nayo imapuma mpweya, ndipo ikakhalitsa m'matope imawola. Zikatero masamba amachita chikasu ndi kufota, mwini wake n'kumaganiza kuti duwa lili ndi ludzu, n'kuwonjezera madzi amene akulipha. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi limakula pang'onopang'ono, choncho chepetsani madzi. Masamba akachita fumbi, apukuteni ndi kansalu konyowa kuti azilandira bwino kuwala.

Makolo, chenjerani: masamba ndi tsinde lake zili ndi timakhwala totchedwa calcium oxalate tomwe timawotcha ndi kutupitsa m'kamwa. Likolekeni pamwamba pomwe mwana wokwawa kapena mphaka sangafike. Nthambi zimene mwasadza musazitaye kutchire, chifukwa m'madera otentha ndi achinyontho zimaphuka n'kukuta mitengo. Ndi bwino kugawira mnansi wanu kuti nayenso akabzale.