Musanathamange pamsewu wa ku Senga Bay, kalata yanu ili pa tebulo la yani?

Loweruka lina m'mawa, mwezi wa Okutobala, ndinaima m'mbali mwa msewu wochoka pa Kamuzu Road ku Salima kulowera ku Senga Bay, ndikuyang'ana achinyamata oposa 30 atakhala ndwii pansi pa mtengo, nsapato zothamangira zili kuphazi, dzuwa likukwera. Anali a mpingo wina wa ku Lilongwe, ndipo mwana wa mlongo wanga anali momwemo. Anakonza mpikisano wothamanga mopatsirana kamtengo, uja tinkautchula kuti relay kusukulu, kuti apeze ndalama zofolerera chipinda chophunziriramo. Apolisi apamsewu anawaimitsa asanamalize ndi kilomita imodzi yomwe, ndipo apolisiwo sanalakwe. Kalata imene mtsogoleri wa gululo anatulutsa m'thumba inali ndi chidindo, koma inalibe nambala, inalibe dzina la woisaina, ndipo panalibe ofesi imene inkaidziwa. Anaigula kwa dobadoba amene anawanyengerera kuti, "Musavutike n'kuima pamzere, achimwene, mabwanawa ndimadziwana nawo." Ndalama inapita, minibasi ya hayala inamwa mafuta pachabe, ana anangosamba m'nyanja n'kubwerera kwawo.

Zinandiwawa, chifukwa anawa sankafuna kuzembetsa kanthu. Anayesa kudzera khomo lenileni kawiri, anabwezedwa kawiri, kachitatu anakumana ndi munthu wowalandira bwino. Dobadoba amadyera pomwepo, pamene ofesi yatopetsa anthu.

Chifukwa chimene chilolezo chimafunikira n'chosavuta kumva. Msewu ndi wa tonse, ndipo lamulo la pamsewu la 1997 silola munthu kuchititsa mpikisano pamsewu wa boma popanda chilolezo cholembedwa. Palibe wokana zimenezo. Chovuta n'chakuti munthu wamba sadziwa pogogoda, ndipo aliyense amene wamufunsa amamuloza kwina.

Ambiri amasokoneza nkhaniyi ndi ya zionetsero. Lamulo la apolisi la 2010 limanena kuti wokonza zionetsero adziwitse bwanamkubwa wa boma kutatsala maola osachepera 48, ndiye anthu amaganiza kuti nawonso akapereka kalata Lachinayi athamanga Loweruka. Ayi. Pa zionetsero mumadziwitsa, pa mpikisano wa pamsewu mumapempha, ndipo pempho limadikira yankho. Ine ndimalangiza kuyamba kutatsala miyezi iwiri.

Yambani ndi ofesi ya zamasewera ku khonsolo ya boma la Salima. Anthu amaidumpha n'kuthamangira kwa bwanamkubwa, chonsecho woona zamasewera ndiye amadziwa mmene kalata yotere imayendera, ndipo ndiye angakuuzeni ngati njira yanu ikufuna kuti a Roads Authority nawo adziwe, makamaka pamene msewu ukukonzedwa kapena mukufuna kuika zikwangwani. Ngati mpikisano wanu uli ndi mphoto ndipo mukuitana akatswiri a madera ena, akuuzaninso za bungwe loyendetsa masewera othamanga m'dziko muno ndi za Malawi National Council of Sports. Kalatayo ilembedwe kwa bwanamkubwa, ina yofanana nayo ipite kwa mkulu wa apolisi. Isakhale ya mizere itatu yongoti "tikupempha chilolezo chothamanga". Inene tsiku, nthawi yoyambira ndi yomalizira, poyambira ndi pothera, chiwerengero cha othamanga, malo aliwonse opatsirana kamtengo, manambala a galimoto zonse zoperekeza, dzina la amene adzayankhe mlandu zinthu zikalakwika, ndi amene adzapereke chithandizo choyamba. Kalata yosanena izi imapatsa wina aliyense chifukwa choikankhira pambali.

Apa ndiye pamene zinthu zimaima. Kalata imalandiridwa, imalowa mu fayelo, fayelo imakwera pa tebulo, tebulo limadikira mwini wake. Mukabwera Lolemba, bwana ali kumsonkhano. Lachitatu, apita kumaliro. Lachisanu, mesenjala amene amadziwa pamene pali fayelo sanabwere. Khonsolo imati tidikire maganizo a apolisi, apolisi amati sitinaone kalikonse kochokera kukhonsolo, ndipo maofesi awiri amene munthu angayende wapansi kuchoka ku ina kufika ku inzake amatha sabata zitatu osapatsana pepala limodzi. Sikuti onse ndi oipa mtima. Ambiri ali ndi ntchito yochuluka, ena alibe ndi inki ya mu pulinta yomwe. Koma chizolowezi choti kalata siyenda pokhapokha mwini wake akuiyendera chinakhazikika, ndipo amene amavutika nacho ndi wochokera ku Chipoka kapena ku Khombedza amene ulendo uliwonse akulipira Sienta kapena kabaza. Ndalama ya maulendo obwerezawa palibe amene amaiwerengera pa bajeti, koma imadya thumba kuposa madzi ndi malaya a mpikisano.

Chitani chonchi. Pangani makope atatu. Popereka, pemphani kuti kope lanu alidinde chidindo cha tsiku limene alandira, ndipo lembani dzina ndi udindo wa amene walandirayo. Musamachite manyazi, si mwano. Kope la apolisi mukapereke nokha, musadalire kuti lidzatumizidwa. Sankhani munthu mmodzi wa pafupi ndi tauni woti aziiyendera, osati lero uyu mawa wina, chifukwa nkhope yatsopano imayambiranso kufotokoza. Akakukanizani, pemphani kuti akulembereni chifukwa chake. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa molemba pa chiganizo cha ofesi ya boma chimene chikumukhudza. Nthawi zambiri mukangotchula mwaulemu kuti mukufuna yankho lolembedwa, fayelo imapezeka. Ikapanda kupezeka, ofesi ya Ombudsman inakhazikitsidwira madandaulo otere.

Chilolezo chikatuluka, yatsala nkhani imene anthu amainong'ona, ya ndalama za apolisi operekeza. Mudzamva kuti galimoto ilipo koma mafuta palibe, kapena kuti anyamata amene adzaime padzuwa afunika kena kake. Kunena zoona, wapolisi woima pa mphambano kuyambira m'bandakucha akugwira ntchito yolemetsa, ndipo kumpatsa madzi ndi chakudya n'chaumunthu. Koma ndalama iliyonse imene akuti ndi malipiro a ntchito ya boma ikambidwe muofesi, ilembedwe, ndipo mulandire lisiti ya boma, ija timati GR. Mafuta, ngati mwagwirizana kuti muthire ndinu, kathireni nokha pa filing'i n'kusunga lisiti. Envulopu yoperekedwa kuseri kwa galimoto ndi ziphuphu, ndipo lamulo limagwira wopereka ndi wolandira yemwe. Choipanso china, envulopu siitsimikiza kuti munthuyo adzabwera. Mukalipira mwamseri, akapanda kuoneka Loweruka, mukadandaula kwa yani?

Mafumu musawaiwale. Kalata ya boma siiletsa mbuzi kuwoloka, siiuza ana kuti asathamangire othamanga. Gulupu ndi nyakwawa za m'mbali mwa njira akadziwa, a chitetezo cha m'mudzi amakuthandizani pa malo opatsirana, ndipo ndi iwo amene angakuuzeni kuti tsiku mwasankhalo ndi la msika, kapena kuti gule atuluka. Ku Senga Bay, dera la Gogo Chalo Maganga, kuli Asilamu ambiri, choncho Lachisanu masana si nthawi yodutsa ndi zimkuzamawu.

Tsopano za msewu weniweniwo, chifukwa pepala silinapulumutsepo munthu ku thiraki. Kuchoka ku Salima kufika ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20, kupita ku Chipoka pa M5 ndi pafupifupi 30, ndipo wofuna kuyambira ku Lilongwe pa M14 ali ndi makilomita pafupifupi 100, ena otsetsereka ndi okhotakhota. Njira mwasankhayo iyendeni kawiri musanalembe kalata, kamodzi pa galimoto, kamodzi pa njinga, pa tsiku ndi nthawi yofanana ndi ya mpikisano. Mudzaona zimene mapu a pafoni sanena: pamene tala wadyeka m'mbali, pamene amayanika mpunga, pamene akabaza amaunjikana, milatho yopapatiza imene galimoto ziwiri zimadikirana. Kuchoka pa Kaphatenga kulowera ku Nkhotakota kumadutsa mathiraki olemera, ena a shuga wa ku Dwangwa, ndipo thiraki yodzaza siima pamene dalaivala wafunira. Ine sindingaike mwana wa munthu pa mlatho wopapatiza popanda wapolisi woimitsa galimoto mbali zonse.

Chimene ambiri sayembekezera n'chakuti galimoto yoopsa kwambiri kwa wothamanga ndi ya gulu lake lomwe. Imayenda pang'onopang'ono pambuyo pake, mahazadi akuphethira, anzake atakhala m'mphepete mwa pikiapu akuimba ndi kukuwa. Kumbuyo kwapangika mzere wa galimoto, dalaivala wa minibasi watopa, wadumpha mzere wonse, ndipo kutsogoloko wakumana ndi wothamanga amene samamuona. Kapena galimoto yaima kumanzere, wothamanga ali kumanja, mtsikana watsika ndi botolo la madzi n'kuwoloka maso ali pa mnzake osati pamsewu. Ngozi imatha kuchitika pa kuwoloka kumeneku.

Ndiye gwirizanani ndi apolisi apamsewu njira imodzi, ndipo magulu onse aitsate. Ngati msewu sunatsekedwe, wothamanga akhale kumanja, moyang'anizana ndi galimoto zobwera, poti kuno timayendetsa kumanzere. Galimoto ya gulu isamutsatire. Ipite patsogolo, ikaime pa malo opatsirana, imudikire. Malowo akhale mbali imene wothamanga ali, kunja kwa msewu ndithu, pa bwalo la sukulu, la tchalitchi kapena la mzikiti mutapempha eni ake, osati pa kona, pamwamba pa chitunda, pafupi ndi mlatho kapena pa njanji. Galimoto zoyenda ndi othamanga zikhale ziwiri zokha pa mpikisano wonse, imodzi kutsogolo kwa woyamba, ina kumbuyo kwa womaliza. Kunja nakonso anaphunzira zomwezi. Ku Japan, mpikisano wa ophunzira wa Hakone Ekiden, umene unayamba mu 1920 ndipo umachitika pa 2 ndi pa 3 Januwale, malo ake opatsirana ndi okhazikika, sasintha poti wina watopa. Ku Oregon, mpikisano wa Hood to Coast, woyamba mu 1982, uli ndi zigawo 36 za othamanga 12, ndipo gulu limagwiritsa ntchito galimoto ziwiri zimene zimatsogola kukadikira.

Galimoto ya gulu lanu ikhale ndi COF, inshulansi ndi matirayango, dalaivala ali ndi laisensi yoyenera. Chilolezo cha mpikisano sichikhululukira mapepala otha ntchito, ndipo minibasi ikagwidwa pa rodibuloko, wothamanga wanu atsala yekha pamsewu wopanda madzi. Dalaivala asakhale wothamanga nawo. Munthu amene wangomaliza makilomita asanu padzuwa la ku Salima asagwire chiwongolero.

Dzuwalo ndi nkhani payokha. Anthu a ku Lilongwe amakonda kukonza zakunyanja mu Okutobala ndi Novembala poti ndi nthawi yosambira, koma ndi nthawinso imene tala amaotcha kuphazi ikamakwana 9 koloko. Juni ndi Julayi, mwera ukuomba, ndiyo miyezi yabwino. Mukakakamira chilimwe, yambani kukangoyera ndipo mumalize dzuwa lisanakwere, zigawo zikhale zazifupi. Usiku ayi. Njinga zopanda nyali, ngolo ndi oledzera zimakwana kale pamsewuwu. Madzi akhale pa malo aliwonse opatsirana, pamodzi ndi Thanzi ndi nthochi. Wothamanga akayamba kudzandira, kulankhula zosamveka kapena kusadziwa kumene ali, musamulimbikitse kuti watsala pang'ono. Muimitseni, mugonekeni pamthunzi, muthireni madzi thupi lonse, mumupepese mphepo, ndipo mupite naye kuchipatala. Ngati wakomoka musamumwetse kanthu.

Chipatala chachikulu cha boma chili m'tauni ya Salima. Kachidziwitseni molemba, ndipo dziwani chipatala chaching'ono chapafupi ndi chigawo chilichonse. Ambulansi musaiwerengere ngati yanu, chifukwa mayi woyembekezera akadwalika ku Thavite idzanyamuka, ndipo idzakhala yachita bwino. Patulani galimoto imodzi yopanda katundu, yodzaza mafuta, yokhala ndi matiresi ndi namwino kapena wophunzitsidwa wa Red Cross, ntchito yake ikhale yokhayo. Manambala a foni alembedwe papepala m'galimoto iliyonse, a TNM ndi a Airtel omwe, poti netiweki imathawa malo ena.

Mukapeza masamba ataikidwa pamsewu, pali maliro. Zimitsani nyimbo, othamanga adutse mwakachetechete, ndipo ngati chitanda chili pamsewu, imani. Mphindi zotayikazo woyang'anira nthawi azilembe.

Achinyamata aja anadzathamanga chaka chotsatira mu Julayi, kalata yawo yeniyeni itayenderedwa maulendo anayi ndi mayi wina wa mpingo wa ku Salima. Maulendo anayi ndi ambiri pa pepala limodzi. Pempho langa kwa akhonsolo ndi apolisi a m'maboma a m'mbali mwa nyanja ndi lakuti lembani ndondomekoyi pa pepala limodzi m'Chichewa, yonena kopereka kalata, masiku odikira ndi ndalama yolipira ngati ilipo, muimate pa bolodi la panja pamene aliyense angawerenge. Inu okonza mipikisano, kufikira pepalalo litamatidwa, musapereke ndalama kwa munthu amene alibe tebulo ndi buku la malisiti.